Joseph Haydn, Tate wa Nyimbo za Anayi

Nyimbo zili za mitundu iwiri, ndipo tonse timaizindikira chinkana sitidaiphunzire m'sukulu. Zilipo nyimbo za pabwalo, zofuna ng'oma, malipenga ndi khamu la anthu, zomveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Ziliponso nyimbo za pakhonde, zimene nkhalamba imaimba madzulo ndi bangwe kapena kaligo, anthu owerengeka atazinga moto ali chete. Kwa anthu a ku Ulaya zilinso choncho. Ali ndi nyimbo za gulu lalikulu la oimba makumi angapo, ndipo ali ndi nyimbo zam'nyumba, zimene anthu awiri, atatu kapena anayi amaimba m'chipinda, aliyense ndi choimbira chake ndi mawu akeake. Munthu amene tifuna kulongosola moyo wake lero ndiye adalera nyimbo zam'nyumbazi kufikira zitakhwima. Dzina lake ndi Joseph Haydn, mwana wa mmisiri wa ngolo, wa dziko la Austria.

Poyamba timve chimene amachitcha kwateti, pakuti dzinali tikumana nalo kawirikawiri. Kwateti ndi nyimbo yopanda mawu apakamwa, yoimbidwa ndi anthu anayi pa zoimbira zinayi za nsambo. Awiri amagwira mavayolini. Vayolini ndi mbale wake wa kaligo, pakuti zonse ziwiri zimalira posisita uta pa nsambo. Koma vayolini ili ndi nsambo zinayi, ndipo woimba amaipanira pansi pa chibwano. Wachitatu amagwira viyola, yokulirapo ndi ya mawu otsikirapo. Wachinayi amagwira chelo, chachikulu, choimika pakati pa mawondo, cha mawu akuya ngati a mwamuna wamkulu. Mphunzitsi aliyense amene adaimbitsapo kwaya ya mawu anayi wamva kale m'mene zinthuzi zimakhalira. Haydn adapeka makwateti 68, ndipo ntchito yake yaikulu idali yakuti adaphunzitsa zoimbira zinayizo kucheza monga anthu anayi ofanana, aliyense kulankhula pa nthawi yake ndi kumvetsera pa nthawi ya mnzake.

Mwana wa mmisiri wa ngolo

Joseph Haydn adabadwa pa 31 Malichi 1732 m'mudzi wa Rohrau, kum'mawa kwa Austria, pafupi ndi malire a Hungary. Atate ake, a Mathias Haydn, adali mmisiri wopanga magudumu ndi ngolo. Amayi ake, a Maria Koller, asanakwatiwe ankaphika kunyumba ya mfumu ya deralo, ya banja la Harrach. M'nyumbamo mudabadwa ana 12, koma theka la iwo adamwalira ali makanda. Atatewo sankadziwa kuwerenga zizindikiro za nyimbo, komabe ankaliza zeze wa kumeneko, ndipo madzulo banja lonse linkasonkhana kuimba nyimbo za m'mudzi. Kotero nyimbo zoyamba kulowa m'khutu la Joseph zidali zam'nyumba ndithu. Mng'ono wake Michael nayenso adadzakhala wopeka nyimbo wodziwika mumzinda wa Salzburg.

Mwanayo ali ndi zaka ngati 6, mbale wawo wina, Johann Matthias Frankh, mphunzitsi ndi woimbitsa kwaya m'tauni ya Hainburg, adaona kuti ali ndi khutu labwino, nampempha kwa makolo ake kuti akamphunzitse. Makolo adavomera, pakuti ankalakalaka kuti mwana wawo adzakhale wansembe. Kuyambira tsiku lomwelo Joseph sadakhalenso m'nyumba ya makolo ake. Ku Hainburg adaphunzira kuimba m'tchalitchi ndi kuliza vayolini, ndipo atakalamba ankakumbukira kuti kumeneko ndodo idachuluka kupambana chakudya. Komabe ankamthokoza Frankh chifukwa chomzoloweza ntchito adakali wamng'ono.

Njala ya ku Vienna

M'chaka cha 1739 kudafika ku Hainburg Georg Reutter, woyang'anira nyimbo m'tchalitchi chachikulu cha Stefano Woyera ku Vienna, alikufunafuna anyamata a mawu abwino. Adamva Joseph akuimba, namsankha, ndipo m'chaka cha 1740 mwanayo, wa zaka 8, adalowa m'kwaya ya tchalitchicho. Adakhalamo zaka 9. Anyamatawo ankaimba pa Misa ndi pa mapemphero ena tsiku ndi tsiku, naphunzira Chilatini, katekisimu ndi zoimbira, koma za kapekedwe ka nyimbo Reutter sadamphunzitse zenizeni. Chakudya chidali chochepa, kotero kuti Joseph ankalimbikira kuimba bwino kuti azitengedwa kukaimba kunyumba za olemera, kumene oimba ankapatsidwako za phwando.

Pofika chaka cha 1749 mawu ake adasintha monga amachitira mnyamata aliyense akamakula, ndipo kwaya sidamfunenso. Tsiku lina, mwa chibwana, adadula tsitsi lolukidwa la mnzake. Adamkwapula, namtulutsa kunja ali ndi zaka 17, wopanda ndalama, wopanda kogona. Amene adamtola adali mmphawi mnzake, woimba wina dzina lake Johann Michael Spangler, wokhala ndi mkazi ndi khanda m'kachipinda ka padenga. M'menemo adampezera malo kwa miyezi ingapo.

Zaka zotsatira zidali za kusauka ndi kudziphunzitsa yekha. Ankaphunzitsa ana a anthu pa malipiro ochepa. Lamulungu ankathamanga kuchoka tchalitchi china kunka china, kuno kuliza vayolini, uko kuliza limba, kwina kuimba m'kwaya. Usiku ankaimba m'misewu ndi anzake. Akabwerera kukachipinda kake kozizira, kopanda mbaula, ankawerenga buku la Johann Joseph Fux lophunzitsa kalukidwe ka mawu anayi, ndi nyimbo za Carl Philipp Emanuel Bach. Adadzichepetsanso nakhala wantchito wa nkhalamba ina ya ku Italy, Nicola Porpora, mphunzitsi wotchuka wa kuimba. Ankampukutira nsapato, namlizira choimbira pamene iye ankaphunzitsa, napirira zonyoza zake, chifukwa nkhalambayo inkamkonzera nyimbo zimene ankayesa kulemba.

Anayi a ku Weinzierl

Cha pakati pa zaka za m'ma 1750, munthu wina wolemera, Carl Joseph von Fürnberg, adamuitana kunyumba yake ya kumunda ku Weinzierl, kumadzulo kwa Vienna. Mwini nyumbayo ankakonda nyimbo madzulo, koma kumudziko kudalibe gulu la oimba. Odziwa kuliza nsambo adalipo anayi okha: bambo mfumu wa parishi, kapitao wa mundawo, Haydn mwini, ndi munthu wina dzina lake Albrechtsberger amene ankaliza chelo. Fürnberg adapempha mnyamatayo kuti alembe nyimbo yoti anayiwo akhoze kuimba. Umo ndimo adabadwira makwateti oyamba a Haydn, m'kusowa kwa anthu, ndipo wansembe wa kumudzi adali mmodzi mwa oyamba kuwaimba.

Sikuti Haydn yekha ndiye adaganizira zoimbira zinayizo. Ku Italy Luigi Boccherini adalembanso makwateti m'chaka cha 1761, ndipo ena adayesa zofanana. Komanso makwateti oyambawo adali opepuka, a chisangalalo cha madzulo basi. M'menemo vayolini yoyamba ndiyo inkatsogolera nyimbo nthawi zambiri, zina zitatuzo nkumangovomera, monga momwe kwathu kuno mmodzi amayambitsa nyimbo ena onse napolokeza. Kusintha zimenezi kudamtengera Haydn zaka zoposa 20.

Pa nthawi yomweyo adapeza ntchito yoyang'anira oimba a mfumu ina yotchedwa Morzin, ndipo pa 26 Novembala 1760 adakwatira Maria Anna Keller. Iye adaakonda mng'ono wake wa mkaziyo, Therese, koma ameneyo adalowa usisitere. Ukwatiwo sudakome. Adalibe ana, mkazi sadasamale za nyimbo, ndipo onse awiri sadasunge bwino chipangano chawo. Adakhala chikhalire osamvana kufikira mkaziyo adamwalira m'chaka cha 1800.

Wantchito wa Kalonga

Pa 1 Meyi 1761 Haydn adalembedwa ntchito ndi Kalonga Paul Anton Esterházy, wa banja lolemera koposa la ku Hungary, lokhala ku Eisenstadt. Kalata ya ntchitoyo ilipobe, ndipo ionetsa m'mene wopeka nyimbo ankaonedwera masiku amenewo. Ankayenera kuvala yunifomu ya antchito a pakhomopo. Tsiku lililonse, m'mawa ndi masana, ankayenera kuimirira m'chipinda chodikirira kuti amve ngati Kalonga afuna nyimbo. Ankasamala zoimbira ndi mapepala, nathetsa ndewu za oimba, ndipo nyimbo zonse zimene ankapeka zidali za Kalonga. Sankaloledwa kupatsa munthu wina. Paul Anton adamwalira m'chaka cha 1762, nalowa m'malo mwake mng'ono wake Nikolaus, amene Haydn adamtumikira zaka 28. M'chaka cha 1766, atamwalira Gregor Werner amene adali mkulu wake pa ntchito, Haydn adakhala woyang'anira nyimbo zonse za pakhomopo.

Kalonga Nikolaus ankaliza choimbira chachilendo chotchedwa baryton, chonga chelo, chokhala ndi nsambo zapatsogolo zosisita ndi uta ndi zina zakumbuyo zokodola ndi chala chachikulu. Ankafuna nyimbo zatsopano kosalekeza, ndipo Haydn adamlembera nyimbo 126 za anthu atatu: baryton, viyola ndi chelo. Wina akadaiyesa ntchito yotopetsa yongokondweretsa bwana. Koma m'menemo Haydn adaphunzira chinthu chimodzi chachikulu. Popeza m'gulu la atatulo mudalibe vayolini yoti ilamulire, viyola ndi chelo, zimene kale zinkangovomera, zidayenera kupatsidwa zonena.

Ku dambo la Eszterháza

Kalongayo adamanga nyumba yachifumu yatsopano, Eszterháza, pa malo a dambo pafupi ndi nyanja ya Neusiedl, kutali ndi mzinda. Idali nyumba yokongola, yokhala ndi bwalo la zisudzo lakelake, koma pozungulira padali matope, udzudzu ndi mphepo yozizira. Aliyense amene adakhalako ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, kumene Rumphi ali kutali ndipo nkhungu ikatsika munthu saona nyumba ya mnzake, angamve pang'ono m'mene oimbawo ankasungulumwira, chinkana kwawoko kudali kuchigwa osati kuphiri. Haydn ankadandaula m'makalata ake za kusungulumwako. Komabe atakalamba adavomereza kuti kutalikirana ndi dziko kudamthandiza: popeza padalibe womtsanzira kapena womsokoneza, adakakamizika kupeza njira zakezake, ndipo gulu la oimba lidali pomwepo tsiku lililonse loti ayesere nalo zimene waganiza.

Oimbawo ankamutcha Papa, ndiye kuti bambo m'chinenero chawo, osati Papa wa ku Roma ayi. Adalilandira dzinali chifukwa chowaimira pamaso pa Kalonga. M'chaka cha 1772 Kalonga adachedwa kubwerera ku Eisenstadt, kumene ambiri a oimbawo adasiya akazi ndi ana, pakuti ku Eszterháza kudalibe malo a mabanja awo. Wantchito sakadatha kuuza Kalonga kuti nthawi yatha. Tsono Haydn adapeka nyimbo ya gulu lonse, simfoni ya nambala 45, imene kumapeto kwake woimba aliyense akatsiriza gawo lake ankazima kandulo yake natuluka mwakachetechete, mpaka adatsala awiri okha, Haydn ndi Luigi Tomasini, akuliza mavayolini mumdima. Kalonga adamva tanthauzo lake, nalamula kuti abwerere kwawo.

Onse anayi alankhule

M'chaka chomwecho cha 1772 Haydn adalemba makwateti 6 amene amadziwika ndi nambala ya Opus 20, pakuti osindikiza ankawerenga ntchito za wopeka nyimbo ndi liwu la Chilatini limeneli. Apa ndi pamene kwateti idakula. Mu imodzi mwa izo chelo, chimene kale chinkangogunda pansi ngati mtondo, ndicho chiyamba nyimbo, vayolini yoyamba ili chete kudikira. Zitatu mwa izo zimatha ndi kalukidwe kotchedwa fuga, pamene choimbira chimodzi chiyamba kanyimbo, chachiwiri chikatenga chisanathe choyamba, chachitatu ndi chachinayi chimodzimodzi, kufikira onse anayi alikuluka chingwe chimodzi, popanda mfumu, popanda kapolo.

Atatero adaleka kulemba makwateti zaka 9, chifukwa Kalonga adatembenukira ku zisudzo zoimba ndipo ntchito idachuluka. M'chaka cha 1779 adalandira kalata ya ntchito yatsopano, yomlola kugulitsa nyimbo zake kwa osindikiza. Tsono m'chaka cha 1781 adatulutsa makwateti ena 6, Opus 33, nadziwitsa ofuna kugula kuti adawalemba mwa njira yatsopano ndithu. Njirayo ndi iyi: amatenga kanyimbo kakafupi, ka mawu anayi kapena asanu, nakapereka kwa choimbira ichi, kenaka icho, kamene kadali kotsogolera kasanduka kovomera, kamene kadali kovomera kasanduka kotsogolera, womvera osazindikira pamene zasinthira. Ndi monga akulu anayi okamba mlandu pabwalo, wina kutola mawu pamene mnzake wawasiya. Nthabwala zake sadazisiye. Kwateti yachiwiri ya gulu limeneli imaima mwadzidzidzi pafupi ndi mapeto, niyambanso, niimanso, kotero kuti omvera sadziwa ngati yatha, ndipo kawirikawiri ena amaomba m'manja nthawi isanakwane.

Mozart

Makwateti ameneWa adafika m'manja mwa Wolfgang Amadeus Mozart, wobadwa m'chaka cha 1756, wamng'ono kwa Haydn ndi zaka 24. Awiriwo adakhala mabwenzi ku Vienna, ndipo woimba wina wa ku Ireland, Michael Kelly, adasimba za madzulo ena pamene adamva kwateti ikuimbidwa ndi opeka nyimbo anayi: Haydn ndi Dittersdorf pa mavayolini, Mozart pa viyola, Vanhal pa chelo. Mozart, amene nyimbo zinkamtuluka mosavuta, adavutika zaka ziwiri ndi miyezi kulemba makwateti 6 motsata njira ya Haydn, nawasindikiza m'chaka cha 1785 atalembapo dzina la mkuluyo, monga mwana wopereka ana ake kwa agogo awo.

Pano tione mtima wa Haydn. Iye adali wotchuka kale ku Ulaya konse, ndipo mnyamata uyu adali atatenga njira yake naipititsa pamene iye sadafike. Ambiri akadachita nsanje. Koma mu Febuluwale 1785, atamva atatu mwa makwatetiwo, Haydn adauza Leopold, atate ake a Mozart, pamaso pa Mulungu, kuti mwana wawo adali wopeka nyimbo wamkulu koposa onse amene iye adawadziwa kapena kuwamva mbiri. Ndipo sadachite manyazi kuphunzira kwa wamng'onoyo. Munthu amene adaphunzitsa zoimbira kumverana adadziwa yekha kumvera.

Lachisanu Loyera ku Cádiz

M'chaka cha 1786 kudafika pempho lochokera kutali, ku Cádiz m'dziko la Spain. Kumeneko kuli katchalitchi ka pansi pa nthaka kotchedwa Santa Cueva, kamene ankakasamala wansembe José Sáenz de Santa María. Pa Lachisanu Loyera ankaphimba makoma ndi mazenera ndi nsalu zakuda, nasiya nyale imodzi yokha. Masana ankatseka zitseko. Wolalikira ankatchula limodzi la mawu 7 amene Ambuye adalankhula pa mtanda, nalilongosola, natsika kukagwada patsogolo pa guwa. Pa nthawi yogwadayo pankafunika nyimbo yothandiza anthu kusinkhasinkha. Adapempha Haydn kuti alembe nyimbo zimenezo.

Iye mwini adaulula kuti ntchitoyo idali yovuta: nyimbo 7 zotsatizana, zonse zoyenda pang'onopang'ono, iliyonse ya mphindi ngati 10, popanda kutopetsa omvera, popandanso liwu limodzi lapakamwa. Adaumba chiyambi cha nyimbo iliyonse motsata kamvekedwe ka mawuwo m'Chilatini, kotero kuti wodziwa mawuwo amawamva m'nsambo. Pa liwu la ludzu la Ambuye oimba ena amaleka uta nakodola nsambo ndi chala, kumveka kouma ngati madontho pa nthaka yowawuka. Potsiriza pamabwera chivomezi, chachifupi ndi choopsa. Poyamba adazilembera gulu lalikulu, koma m'chaka cha 1787 adazikonzanso kuti anthu anayi okha akhoze kuziimba, ndipo m'maonekedwe amenewa a kwateti zimaimbidwa kufikira lero m'matchalitchi ambiri pa Sabata Loyera.

Chikhulupiriro chake chidali cha munthu wamba. Pamwamba pa mapepala ake ankalemba kuti ayamba m'dzina la Ambuye, ndipo pomaliza ankalemba mawu otamanda Mulungu. Nyimbo ikamkanika ankadzuka, nayendayenda m'chipinda kolona ili m'manja, ndipo ankati maganizo amabwerera. Ena ankadandaula kuti Misa zake zidali zansangala mopitirira. Iye ankayankha kuti akaganiza za Mulungu mtima wake umadumpha ndi chimwemwe, tsono sangathe kulemba mwa njira ina.

London ndi ukalamba

Kalonga Nikolaus adamwalira mu Sepitembala 1790, ndipo mwana wake Anton adabalalitsa gulu la oimba. Haydn, wa zaka 58, adapeza ufulu kwa nthawi yoyamba. Johann Peter Salomon, wokonza misonkhano ya nyimbo ku London, adabwera yekha kudzamtenga. Mozart adada nkhawa kuti nkhalambayo sidziwa zinenero, koma Haydn adamuyankha kuti chinenero chake chimamveka dziko lonse. Sadaonanenso, pakuti Mozart adamwalira pa 5 Disembala 1791 ali ndi zaka 35, Haydn adakali ku England.

Adaoloka nyanja pa tsiku loyamba la chaka cha 1791, ndipo kadali koyamba kuiona nyanja yamchere. Adakhala ku London kawiri, 1791 mpaka 1792 ndi 1794 mpaka 1795, nalemba masimfoni 12, nalandira ulemu wa udokotala wa nyimbo ku Oxford mu Julayi 1791. Kumeneko adaona chinthu chatsopano: makwateti akuimbidwa m'holo pamaso pa anthu olipira pakhomo. Tsono makwateti ake a 1793 adawayamba ndi mawu amphamvu oti khamu likhale chete. Nyimbo zam'nyumba zidayamba kutuluka pabwalo. Adalembanso nyimbo zambiri za anthu atatu, piyano, vayolini ndi chelo, zoti mabanja aziimba kunyumba.

Pakati pa maulendo awiriwo, mu Novembala 1792, kudabwera ku Vienna mnyamata wa ku Bonn, Ludwig van Beethoven, kudzaphunzira kwa iye. Sadamvane kwenikweni, pakuti wophunzirayo adali wouma mutu ndipo mphunzitsi adali wotanganidwa. Komabe pamene Beethoven adasindikiza makwateti ake oyamba m'chaka cha 1801, adamanga pa maziko a Haydn.

Atabwerera kwawo, Kalonga watsopano, Nikolaus wachiwiri, adangomfunsa Misa imodzi pa chaka, ndipo pakati pa 1796 ndi 1802 adalemba Misa zazikulu 6. M'chaka cha 1798 adatsiriza nyimbo yaitali yosimba za kulengedwa kwa dziko, Die Schöpfung. M'chaka cha 1797, ali ndi zaka 65, adalemba makwateti a Opus 76, amene ambiri amawayesa opambana onse. M'gawo lina la kwateti yachitatu adatenga nyimbo imene adapekera Mfumu Francis ya ku Austria chaka chomwecho, naipereka yathunthu, yosasinthika, kwa aliyense wa anayiwo motsatana: vayolini yachiwiri, chelo, viyola, ndipo vayolini yoyamba pomalizira. Pamene mmodzi aimba nyimboyo, enawo amamkongoletsera. Zimene adaziyamba ku Weinzierl zaka 40 zapitazo zidafika pamenepa. Nyimbo yomweyo ndiyo lero imaimbidwa ngati nyimbo ya fuko la Germany, ndi mawu ena.

Imfa yake

M'chaka cha 1803 adayamba kwateti ina, koma mphamvu zidamthera atalemba magawo awiri okha mwa anayi. Adalola kuti isindikizidwe yosatha m'chaka cha 1806, naikapo kakalata kovomereza kuti wakalamba ndipo wafooka. Ankadandaula kuti nyimbo zidakabwerabe m'mutu mwake, koma thupi silinkatha kuzilemba. Pa 27 Malichi 1808 adamnyamula pa mpando kunka naye kuholo ya yunivesite ya Vienna kukamva Die Schöpfung. Pamene kwaya idaimba za kulengedwa kwa kuwala ndipo anthu adaomba m'manja, iye adaloza kumwamba, kusonyeza kumene nyimboyo idachokera. Adamtulutsa isanathe, chifukwa cha kufooka, ndipo sadaonekenso pagulu.

Mu Meyi 1809 asilikali a Napoleon adazinga Vienna, ndipo chipolopolo cha mzinga chidagwa pafupi ndi nyumba yake ku Gumpendorf. Nkhalambayo, ikunjenjemera, ndiyo idatonthoza antchito ake kuti asaope. Mzinda utagwa, Napoleon adaika mlonda waulemu pakhomo pake. Pa 26 Meyi adapempha kuti amfikitse pa piyano, naliza katatu nyimbo ija ya Mfumu Francis. Adamwalira pa 31 Meyi 1809 ali ndi zaka 77. Chifukwa cha nkhondo pa maliro padali anthu ochepa, koma pa 15 Juni kudachitika Misa ya maliro m'tchalitchi cha Schottenkirche, ndipo adaimba Misa ya akufa imene adalemba bwenzi lake Mozart. M'kalata yogawira chuma chake adakumbukira abale ake osauka a kumudzi ndi antchito ake, makamaka Johann Elssler amene adamkopera nyimbo zaka zambiri.

Mtembo wake sudapumule msanga. Patapita masiku ochepa anthu awiri, Joseph Carl Rosenbaum ndi Johann Nepomuk Peter, otsata chiphunzitso chonama chakuti luso la munthu limaoneka pa maumbidwe a chigaza, adafukula manda naba mutu. Zidadziwika m'chaka cha 1820 pamene a Esterházy adasamutsira mtembowo ku Eisenstadt, koma chigaza chenicheni chidabisika, chidayenda m'manja mwa anthu ambiri, ndipo chidabwezedwa m'chaka cha 1954, patapita zaka 145. Tsopano agona wathunthu m'tchalitchi cha Bergkirche ku Eisenstadt.

Akuba aja ankafuna chinsinsi cha Haydn m'fupa, pamene chidali poyera m'mapepala ake. Kwateti ilibe woimiritsa dzanja patsogolo monga gulu lalikulu. Anayiwo amakhala moyang'anana, ndipo kuti ayambe pamodzi ayenera kumva kupuma kwa mnzawo. Wa vayolini yoyamba akadzikweza, nyimbo yafa. Wa viyola akagona poyesa kuti gawo lake nlosafunika, yafanso. Pambuyo pa Haydn adadza Beethoven ndi makwateti 16, Franz Schubert, Johannes Brahms, Antonín Dvořák ndi ena ambiri, aliyense ndi mawu ake, koma onse adasunga lamulo lakelo la anayi omverana. Inu aphunzitsi amene mumaimbitsa kwaya m'matchalitchi a kumidzi, ndi anthu ochepa ndi mabuku osakwanira, kumbukirani kuti mtundu umenewu wa nyimbo udayamba pamene padapezeka oimba anayi okha, mmodzi wa iwo bambo mfumu, wina kapitao wa munda. Mukamaphunzitsa nyimbo yatsopano, yesani tsiku lina kupatsa a besi kapena a alto kuti atsogolere, ena onse atsitse mawu namvetsere. Mzimu wa Joseph Haydn uuse mumtendere.